Ndime Yachitatu ya a Kanthiti

Loweruka likubwerali chikwana chaka chiwaikireni m'manda a Jailosi Kanthiti, ndipo akumpingo andipempha kuti ndidzanene mawu awiri atatu pa mwambo wowakumbukira. Ndavomera, koma ndikudziwa kuti zimene ndikanene kumeneko ndi zija timanena pa maliro onse: anali munthu wachete, sankajomba kutchalitchi, ankakonda ana. Zimenezo si zabodza kwenikweni. Chimene sindingathe kunena pamaso pa anthu n'chakuti kwa zaka pafupifupi makumi awiri ndinkawaopa bambo amenewa, ndipo iwonso anali ndi chawo chimene ankaopa, chimene chinkandiopsa kuposa iwo eni.

Ndinawadziwira ku Sighthill, kuno ku Glasgow, nthawi imene tinkakhala m'zinyumba zitalizitali zija anazigwetsa. Ine ndinali chapakati, iwo pamwamba penipeni. Tsiku lina ndili m'chikepe ndi ana anga awiri, ndinakalipira wamng'ono m'Chichewa kuti asiye kudinadina mabatani. Mkulu wina wamtali, wa jekete lachikopa lothetheka m'zigongono, amene anaima pakona, anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Sanamwetulire monga amachitira Amalawi akakumana kunja kuno. Anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ndine mwana wa yani, ndipo bambo anga ankagwira ntchito yanji m'masiku a chipani chimodzi. Nditayankha kuti anali mlimi chabe ku Jali, anadikira pang'ono n'kufunsanso funso lomwelo, kuti aone ngati ndisinthe yankho. Chikepe chitaima ndinatuluka ana nditawagwira zolimba mpaka Tadala, wamkuluyo, anadandaula kuti ndikumupweteka.

Mmene ndinakhalira munthu wawo sindikudziwa bwino. Mwina n'chifukwa chakuti bambo anga anali mlimi.

Anali munthu wa malamulo. Pakhomo pawo sipankagogodedwa. Ukafuna kuwaona unkayamba waimba foni uli pansi, n'kutchula dzina lako, ndipo ukafika pachitseko unkati odi kawiri, momveka. Tsiku lina bambo wowerenga mita ya magetsi anagogoda mwamphamvu masanasana. A Kanthiti anadzitsekera m'bafa maola atatu, kenako anandiimbira foni monong'ona. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bafalo, nsapato zili kuphazi, chikwama cha zovala chili pamiyendo. Sanachite manyazi. Anangondifunsa ngati ndakumana ndi munthu pamasitepe, ndiponso ngati munthuyo anandifunsa dzina.

Makalata a envelopu ya khaki sankatsegula. Masiku amenewo nkhani ya mapepala awo okhalira m'dziko muno inali isanathe, ndipo mwezi ndi mwezi ankapita kukasayina ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko ija tonse timaidziwa, kumene ena ankalowa osabwereranso kunyumba. Kalata ikabwera ankaiika pansi pa mbale, kudikira kuti ine ndidzawawerengere. Chingerezi ankachidziwa kuposa ine. Chimene sankafuna n'chakuti nkhani yoipa iwapeze ali okha. Ndikamawerenga, chala chawo chinkagunda pathebulo, kanayikanayi, osaphonya, ngati akuwerengera oyimba kuti ayambe.

Ngakhale m'masabata awo omaliza m'chipatala, mapepala atatuluka kalekale, khalidwe limeneli silinachoke. Namwino akalowa mmodzi ankamuseketsa, akalowa awiri ankangokhala chete, koma akalowa atatu nthawi imodzi ankakokera bulangete mpaka kuchibwano, dzanja lamanzere atalibisa kukhwapa. Anamwino ankati ndi ukalamba. Ine ndinali nditadziwa kale kuti si ukalamba.

Za kumudzi sankakamba. Zimene tinkadziwa tinkachita kutola kwa ena: kuti anakulira ku Ndirande, kuti ali mnyamata ankayimba gitala m'mahotela a mu Blantyre ndi anzawo atatu, kuti anathawira ku Halale n'kukhala zaka zambiri akuyimba m'mabala a pamigodi, ndipo zinthu zitavuta kumenekonso anatulukira ku Glasgow ali kale ndi imvi. Mkazi analibe, mwana analibe. Anali ndi gitala yamagetsi yofiira, yokalikakalika, ndi kabokosi kokuzira mawu kamene anagula pa msika wa zinthu zakale. Ana anga ankawakonda mowaopa. Akawapatsa moni m'Chichewa anawo n'kuyankha m'Chingerezi chawo cha kuno chomeza mawu, a Kanthiti ankangowayang'ana osaphethira mpaka mwana akumbukire yekha kuti tili bwino kaya inu agogo.

Zinyumba zija zitagwetsedwa anapatsidwa fulati ku Gorbals, pafupi ndi mtsinje, ndipo ali kumeneko anayamba kubwera kumpingo wathu. Amayi otsogolera kwaya atamva kuti ndi katswiri wa gitala anawapempha kuti azitithandiza. Kukwayako anabwera kawiri kokha. Ulendo wachiwiriwo anaimitsa nyimbo pakati n'kunena kuti tikuyimba ngati anthu amene sanaonepo choopsa. Akuti tikuyamba mokweza, pakati mokweza, pomaliza mokweza, ndiye Mulungu adziwe bwanji pamene tikupempha ndi pamene tikuthokoza? Amayiwo anayankha kuti muno si m'bala. A Kanthiti anati m'bala bola, anthu akaledzera amanena zoona, n'kuzula chingwe cha gitala pakhoma. Awiriwo anatha miyezi itatu osalankhulana. Mkulu wina wa mpingo anafika pondikokera pambali kudzafunsa ngati bambowa mutu ukuyenda bwino.

Koma ukawapeza pabwino, makamaka Lamulungu masana titaweruka, ankaphunzitsa. Chamba chawo chinali cha roko, chija cha magitala olira mokalipa chimene achinyamata a nthawi yawo ankamvera motsitsa pa wailesi zakunja. Ankanena kuti nyimbo ya roko siyamba ndi mawu a munthu. Imayamba ndi kachidutswa ka gitala kobwerezabwereza, ndipo kachidutswako kazikhala ngati mapazi a munthu amene akukutsata kumbuyo: ukakamva kanayi uzidziwa kuti sikakusiya. Ng'oma ikalowa ndiye kuti mtima wayamba kuthamanga. Gitala ya besi ankati ndi m'mimba. Ndime ndi pamene munthu mmodzi amanena nkhani yake motsitsa, ngati akuuza mnzake m'basi. Kolasi ankaitcha pobisala, poti onse amayimba limodzi ndipo palibe amene angalozedwe chala kuti ndiye wayambitsa. Koma nyimbo ikadutsa pakati pamafika malo pamene woyimba amatseka pakamwa, gitala n'kutsala ikulira yokha. Pamenepo, ankatero a Kanthiti, munthu wa gitala amakhala ali maliseche pamsika. Akanena zimenezi ankayang'ana zala zawo zakumanzere, zimene nsonga zake zinali zolimba ngati ziboda.

Nyimbo yawo yeniyeni ndinaimva koyamba mwangozi. Ndinawabweretsera mankhwala a shuga, ndipo poti ndinali nditaimba foni, chitseko anandisiyira chosakhoma. Ndinapeza kaseti yangoyamba kulira. Anandikodola kuti ndikhale pansi.

Dzina lake inali "Galimoto Yopanda Nambala". Inayamba ndi nsambo imodzi yokha, yaikulu ija, mawu asanu otsika ngati munthu amene akutsika masitepe mosamala, kubwereza kanayi. Kenako ng'oma. Kenako mawu a mwamuna wachinyamata, osalala, osakuwa, akunena za munthu amene waima pa siteji ya basi ku Ndirande kudikira mkulu wake amene anakwezedwa m'galimoto dzulo lake. Kolasi inali mzere umodzi basi, kufunsa aliyense amene anaiona galimotoyo kuti inakhotera kuti. Ndime yachiwiri inali ya amayi awo, amene amachapabe malaya a mwana wosowayo Lolemba lililonse n'kuwasita. Kolasi kachiwiri. Ndiyeno zonse zinatsika, ng'oma yokha n'kutsala ikugunda pansipansi, ndipo ndinamva bwinobwino woyimbayo akukoka mpweya kuti ayambe ndime yachitatu.

Sanayambe. Panadutsa kamphindi kopanda kanthu, kenako gitala inalowa mothamanga ngati mayi amene waona mwana akukwawira kumoto. Inalira, n'kulira, n'kulirabe. Pamene ndinkati apa ndiye yatha, inkakweranso. Wa ng'oma ankamveka kuti watopa, wa besi anasochera n'kusiya, koma gitala osaleka, ikubwereza zomwezo mokwererakwerera mpaka makutu kuwawa. Kenako kunamveka kuti thaa, nsambo yaduka, ndipo tepi inangoti zii. Mathero panalibe.

Ndinafunsa kuti woyimbayo ndani. Anati Alifeyo. Ndinafunsa chifukwa chake sanamalize. Anati anaiwala mawu. Anatulutsa kasetiyo n'kuiika m'thumba la malaya, ndipo sindinafunsenso.

Mkangano wathu waukulu ndinauyambitsa ndine. Ku Hillhead kunali azungu awiri amene anali ndi kasitolo ka nyimbo zakale. Nyimbo ya a Kanthiti siinaulutsidwepo pa wailesi, inkangoyenda m'manja mwa anthu pa makaseti, koma azunguwa anaipeza kwa munthu wina wa ku Zambia. Atafufuza anamva kuti mwini gitalayo ali mumzinda womwewu. Anandipeza kudzera kumpingo, ndipo ine, kupusa kwanga, ndinawatengera ku Gorbals poganiza kuti ndikuwabweretsera bambowo ulemu. Anali anthu odzichepetsa, anavula nsapato pakhomo. Anati nyimboyo ndi imodzi mwa nyimbo zikuluzikulu za roko zimene zinatuluka ku Africa. Mmodzi anati anayesa ndi wotchi, ndipo gitala yokhayo imalira mphindi zisanu ndi imodzi. Kenako anafunsa kuti nzeru yosiya ndime yachitatu yopanda mawu inali ya yani, poti ndi imene inachititsa kuti nyimboyo isaiwalike.

A Kanthiti anaimirira. Anatenga kapu ya tiyi m'manja mwa mlendoyo, anakaikhuthula musinki, n'kukatsegula chitseko. Azunguwo anatuluka nsapato zili m'manja. Ine nditati ndiwatsate, ananditchingira njira.

"Mayi a Tadala, mwandigulitsa."

"Bambo, ine ndimati mwina musangalala kuti anthu..."

"Munandimva liti ndikuti ndikufuna kudziwika? Munthu wabisala m'phanga, inu mukukamuyatsira nyali?"

Masabata asanu sanandiyankhe foni. Koma madzi anali atatayika kale. Azungu aja anali ataiika nyimboyo pa intaneti, pamodzi ndi maina a oyimba onse anayi.

Ku Hillhead komweko kunkakhala mayi wina wa ku Malawi, injiniya, dzina lake Chisomo, amene sankabwera kumpingo wathu. Iye anaimva nyimboyo n'kuwerenga mainawo. Alifeyo anali bambo ake, amene sanawaonepo, poti anatengedwa iye ali m'mimba. Nyengo ya dzuwa itafika, amayi ake, a Nabanda, anabwera kuchokera kumudzi kudzamuona, ndipo uthenga unandipeza woti akufuna kuonana ndi a Kanthiti. Iwo okha, popanda mwana wawo.

Ndinawauza a Kanthiti pafoni. Anangoti, "Lachinayi, 2 koloko masana. Inunso mudzakhalepo."

Lachinayilo ndinafika msanga, mtima utandiuza. Ndinawapeza atameta, atavala suti yakuda imene ankapitira kumaliro. M'nyumba munali mosesedwa, mbale zonse zotsukidwa, mufuriji mopanda kanthu. Pathebulo panali makiyi, khadi lawo la basi, ndi mabotolo onse a mankhwala awo atandandalikidwa pamzere, zivindikiro zili pambali. Ndinatseka mabotolowo limodzilimodzi n'kuwaponya m'chikwama changa. Anandiyang'ana osandiletsa.

"Mayiwo akachoka mundibwezere," anatero.

"Sindibweza."

"Ndiye mukhala pano mpaka liti?"

Tinakhala moyang'anizana maola awiri, chala chawo chikugunda pathebulo.

A Nabanda anali mayi wamfupi, woyendera ndodo, atavala juzi ziwiri ngakhale kunali dzuwa. Anati odi monga ndinawauzira. A Kanthiti sanachoke pampando, ndiye chitseko ndinakatsegula ndine. Mayiwo anakana tiyi. Anakhala pampando, ndodo ataiika pamiyendo, n'kuwayang'ana bambowo kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mwakalamba, a Jailosi."

"Inunso, alamu."

"Ikani nyimbo ija."

Kasetiyo ndinalowetsa ndine. Tinamvera ndime yoyamba, kolasi, ndime yachiwiri. A Nabanda sanagwedezeke. Pamene woyimba uja anakoka mpweya, mayiwo anakweza dzanja.

"Imitsani pamenepo." Ndinadina batani. "Amuna anga anaona chiyani?"

A Kanthiti anafotokoza akuyang'ana pansi. Ankajambulira nyimboyo m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ina ku Limbe, Loweruka masana, onse anayi nthawi imodzi, poti masiku amenewo ukalakwitsa unkayambiranso pachiyambi. Alifeyo yekha ndiye anayang'ana kuchitseko. Pamene ankakoka mpweyawo chitseko chinatseguka, n'kulowa amuna atatu ovala bwino. Sanalankhule. Wamkulu wawo anatsamira khoma, anapinda manja, n'kukodola ndi mutu kuti pitirizani, malizani nyimbo yanu.

"Ndinadziwa kuti nyimbo ikatha amutenga," anatero a Kanthiti. "Ndiye ndinati isathe. Ndinalibe nzeru ina, alamu. Ndinkangoti bola zala zanga zikuyenda, Alifeyo akadali pompano. Nsambo itaduka, wamkulu uja anatiwombera m'manja."

"Anadziwa bwanji kuti muli kumeneko Loweruka limenelo?"

Kunja basi inaima n'kunyamukanso.

"Ndinawauza ndine."

Lachitatu la sabata yomweyo anthu aja anawagwira a Kanthiti akutuluka kuhotela. Anawalowetsa m'chipinda china, anawaika dzanja lamanzere pathebulo, pambali pake n'kuikapo hamala. Sanawamenye ngakhale kamodzi. Anangofunsa kuti mawu a nyimbo ya galimoto imene mukuyimba m'mahotelayi analemba ndani, ndipo munthuyo tingamupeze kuti popanda phokoso.

"Ndinayang'ana hamalayo, ndinayang'ana zala zanga. Ndinatchula Alifeyo."

Ndinayembekezera kuti a Nabanda akuwa, kapena awakwapula ndi ndodo ija. Iwo analankhula motsitsa ngati akufotokozera mwana njira ya kuchigayo.

"Amuna anga sukulu analekera sitandade thuu. Mawu a nyimbo zonse ndinkawawerengera ndine mpaka aloweze. Pepala la nyimbo imeneyi linali la dzanja lanu. Mkulu amene anakwezedwa m'galimotoyo anali mkulu wanu, osati wawo. Ndakhala ndikudziwa kuyambira tsiku limene a kundende anandibweretsera bulangete ndi nsapato zawo."

A Kanthiti anatsetsereka pampando n'kugwada. Mpweya wawo unkalira m'chifuwa, nkhope itatuwa, moti ndinagwira foni poganiza kuti atifera pomwepo.

"Dzukani, ine sindine Mulungu," anatero mayiwo. "Sindinakwere ndege kuti ndidzamve zimene ndikuzidziwa kale. Pepala lija linali ndi ndime ziwiri. Yachitatu ine sindinaione. Ndikufuna ndidziwe chimene amuna anga anakokera mpweya umenewo."

Sanadzuke. Anayimba ali chigwadire, popanda gitala, ndi mawu osasa a munthu amene sanali woyimba. Ndime yachitatu inkanena kuti galimoto ija yabwerera. Yafika pa siteji pang'onopang'ono, chitseko chatseguka, ndipo munthu wodikira uja waona kuti mkulu wake mulibe, muli malo a munthu mmodzi. Ndiye wayang'ana mnzake amene waima naye pambali, n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi.

Ndimeyi a Kanthiti anaipeka Lachisanu, patapita masiku awiri chichokereni kwa anthu aja, ndipo anamuphunzitsa Alifeyo ndi pakamwa m'mawa wa Loweruka lomwelo.

"Anamva zimene munkamuuza?" anafunsa a Nabanda.

"Nditamaliza kumuphunzitsa anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, Jailosi, ndime imeneyi ndi yolemera. Kenako anati tiyeni tikajambule."

"Ndiye kuti anadziwa, osathawa."

"Mwina, alamu. Funso limenelo ndagona nalo zaka zonsezi."

Mayiwo anamasula duku, anapukuta nalo kumaso, n'kulimanganso bwinobwino. Kenako anayang'ana suti yakuda ija, anayang'ana makiyi pathebulo, n'kuyang'ana chikwama chimene ine ndinachikumbatira pachifuwa. Sindikudziwa kuti anazindikira bwanji.

"Za kukhululuka musandifunse lero. Lamulungu mubwere ku Hillhead, mudzamuuze mwana wanga zonsezi ndi pakamwa panu, kuyambira pa hamala paja. Mukafa lisanafike Lamulungu, mwamubera kawiri."

Masiku atatu otsatirawo mankhwala ndinkawapatsa ndine, m'bulu umodziumodzi, ndikuwayang'ana akumeza. Lamulungu ndinawaperekeza pa sitima yapansi pa nthaka. Anagwira chitsulo ndi manja onse awiri ulendo wonse. Atalowa m'nyumba ya Chisomo ine ndinatsala panja, nditakhala pa kampanda ka miyala, ndikumvetsera ngati kumveke kukuwa. Kunali zii. Patatha maola awiri anatuluka okha, chitseko n'kutsekedwa kumbuyo kwawo. Zimene zinayankhulidwa m'nyumbamo sindizidziwa mpaka lero. Tili pa siteshoni anangoti, "Ali ndi mawu a bambo ake."

Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri. Ndinganame nditati anasintha n'kukhala munthu wamtendere. Malamulo a pakhomo anali omwewo, ndipo gitala sanaikhudzenso. Chimene anachita n'chakuti analembera azungu a kasitolo aja nkhani yonse monga inachitikira, n'kuwapempha kuti aiike pansi pa nyimboyo, dzina lawo lili pomwepo. Amalawi a muno anaiwerenga. Ena anasiya kuwapatsa moni. Tsiku lina tikumwa tiyi titaweruka kutchalitchi, bambo wina ananena mokweza kuti khoswe wa padenga anaulula wa padzala. A Kanthiti anaika kapu pansi n'kuyankha kuti mwambiwo ndi woona, ndipo khosweyo ndi iwo. Amene anadzuka n'kukakhala nawo pafupi anali amayi a kwaya aja.

A Nabanda anabwerera kumudzi osanena mawu amene a Kanthiti ankawadikira. Pa maliro Chisomo anabwera. Anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, manja ali m'matumba a chikhoti, ndipo anachoka tisanayambe kudya. Sindinalimbe mtima kumufunsa chimene anadzera.

Katundu wa m'fulati anachotsa ndi abambo a kumpingo. Ine ndinapitako tsiku lomaliza kukapereka makiyi. Nyumba yopanda katundu imakula, ndipo ndikatsokomola makoma ankandiyankha. Kuchipinda chawo chogona ndinali ndisanalowemo chikhalire, zaka zonsezo. Ndinakankha chitseko. Bedi anali atachotsa, patatsala mabowo anayi pakapeti. Khoma la pambali pa bedi linali lodetsedwa malo amodzi, kukula ngati chikhatho. Kuchokera pawindo kufika pachitseko, kapeti inali itaperepeseka mpaka ulusi wapansi kuoneka, kanjira kowongoka, kopapatiza, konga kamene anthu amaponda popita kuchitsime. Kumapeto onse awiri kunali kozungulira, pamene chidendene chinkatembenukira. Pa galasi la windo, pa msinkhu wa munthu wamtali, panali banga la mafuta a pamphumi. Kunja mtsinje unkayenda, wabulauni, ndipo anthu ankathamanga m'mbali mwake ndi agalu awo.

Ndinaima pakhomo la chipindacho osalowa, poti panalibe poponda popanda kuponda kanjirako. Bambo wa za nyumba, amene ankadikira makiyi pakhonde, anasuzumira kudzera paphewa langa n'kundiuza kuti ndisavutike nayo kapetiyo, Lolemba adzaizula.